Mapepala a Tiyamike ndi Miyendo ya Takondwa

Khalani pansi, ana inu. Chisomo, foniyo ika m'thumba. Mnyamata wakoyo sathawa pa ola limodzi, ndipo akathawa ndiye kuti Mulungu wakupulumutsa msanga. Yamikani, Pempho, ndi iwe Lonjezo, senderani kuno, mawu anga masiku ano safika patali. M'bale wanu wamng'ono Takondwa ndamukhazika pakhonde la kuseri ndi wailesi, akumvera mpira, ndipo ndachitira dala. Zimene ndikufuna kunenazi ndi za iyeyo, ndi za ine, ndi za mapepala awa amene mwakhala mukundiona ndikuwasunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi anu a ubatizo.

Mapepalawa analemba ndi amayi anu aang'ono. Kwa inu ndi adokotala a kunja amene amakutumizirani nsapato zosakukwanani. Kwa ine ndi Tiyamike basi, mwana amene ankathawa nkhuku ikakhala ndi anapiye. Koma ndisayambire pa iye. Ndiyambire pa munthu amene simunamuonepo ngakhale pachithunzi, chifukwa masiku amenewo wojambula ankafika ku Nsanama kamodzi pachaka, ndipo ankajambula okhawo okhala ndi jekete.

Ndinali ndi mlongo wanga, dzina lake Faniwelo, wondipondera ine. Anabadwa wonenepa bwino, ndipo atayamba kuyenda aliyense ankayamikira akatumba a miyendo yake. Anali aakulu, olimba ukawagwira. Abambo athu ankapikula matemba ku Chiuta n'kumakagulitsa ku Ntaja panjinga, dengu kumbuyo, ndiye ankati, "Uyu ndi amene adzandilandire njingayi. Taonani miyendoyo." Sitinkadziwa kuti kukula kumeneko ndiko kunali kudwala.

Anayamba kuyenda monyang'ama. Kenako kugwaigwa pamalo opanda ndi mwala womwe. Akagwa, kudzuka kwake kunali kwa mtundu wake: ankayamba wagwada, n'kutsamira pansi ndi manja, kenako n'kumakwera miyendo yake yomwe, dzanja pabondo, lina pantchafu, mpaka ataima. Ife ana tinkaseka, ndipo tinkamuyeserera. Ambuye andikhululukire, ine ndinkamuyeserera bwino kuposa onse.

Atasiyiratu kuyenda, abambo ndi amalume anamanga machira a nsungwi ndi chiguduli, ulendo wa kuchipatala cha mishoni. Inu lero mukangoti kumutu kukupweteka mwakwera kale kabaza. Ife tinayenda masiku awiri, kamba wathu makaka ndi kalongonda m'kamphika, kugona kwa anthu osawadziwa amene anatiyalira mphasa osafunsa ngati ndife Akhristu kapena Asilamu. Ine ndinanyamula chipanda cha madzi. Kuchipatalako asisitere anamupima Faniwelo, analemba pakakhadi, natilozera pawindo. Tinapereka kakhadiko pawindopo, ndipo dzanja linatuluka ndi mapiritsi ndi botolo la mafuta onunkha nsomba. Ndinali wamng'ono, koma ndinaphunzira chinthu chimodzi tsiku limenelo, ndipo ndakalamba nacho: dokotala akalemba papepala, umapita nalo pawindo, ndipo pawindo amakupatsa mankhwala.

Mafutawo sanathandize. Faniwelo anamwalira nyengo yozizira, ndi chifuwa, ndevu zisanamere. Pamudzi panamveka zambiri. Ena ankati abambo anakhwimira malonda a nsomba, ena ankati amayi anaphwanya mwambo. Amayi anangosiya kuimba.

Ndinakula, ndinakwatiwa ndi agogo anu aamuna, Mulungu awagoneke bwino, munthu wa matabwa, wosalankhula koma wa manja abwino. Tinabereka amayi anu Esinati, kenako mnyamata Dalitso, kenako Tiyamike. Tsiku lina m'chilimwe ndinali kupeta nandolo pabwalo apa, pamene pali chitsa cha mbawa paja. Dalitso, wa zaka zisanu, anagwa akuthamangitsa mbuzi. Ndinamuyang'ana akudzuka. Dzanja pabondo, lina pantchafu. Lichero linandipulumuka, nandolo yense mbwee, nkhuku n'kuchita phwando. Agogo anu anatuluka m'shedi ndi chipalo m'manja n'kufunsa chachitika n'chiyani. Ndinati, "Faniwelo wabweranso."

Zaka zimenezo ndinazolowera kugwada. Ndinasala kudya, ndinapita kumisonkhano ya chitsitsimutso mpaka ku Ulongwe, ndinawerenga Malemba onse a anthu opuwala amene anadzuka n'kunyamula mphasa zawo. Ndinkawadziwa ngati abale anga. Agogo anu iwo anapemphera ndi nyundo: anakhoma kabokosi ka matabwa, n'kuikako tayala la wilibala yakale ndi zogwirira ziwiri. Wokankha kupita kusukulu anali Tiyamike, kamtsikana kowonda ngati bango, ndipo ankakangana njira yonse.

"Dalaivala, mabampuwa simukuwaona? Laisensi munagula pamsika?"

"Mukapitiriza ndikutsitsani pompano, achimwene. Mudikire basi ina."

"Ukanditsitsa, samu zako akuchitira ndani?"

Pamenepo Tiyamike ankangopitiriza kukankha, chifukwa mutu wa Dalitso pa samu unali wina. Anamuphunzitsa mlongo wake zonse, ngakhale pamene manja ake sankathanso kugwira pensulo. Ankangonena, Tiyamike n'kumalemba. Dalitso anatisiya nyengo yozizira, ngati malume wake. Titachoka kumanda, anthu akusamba m'manja, Tiyamike anandikoka nsalu n'kundifunsa kuti, "Amayi, minofu ikamatha imapita kuti?" Ndinamuuza kuti funso limenelo ndi la Mulungu yekha. Iye anati, "Ndiye kuti yankho lilipo."

Zina zonse mukuzidziwa: sekondale, yunivesite, kenako ndege. Mwana wopalira chinangwa ku Nsanama anakakhala m'nyumba zopimira za kutsidya kwa nyanja zazikulu, akufufuza matenda omwewa. Kalata masiku amenewo inkayenda mwezi, kudzera pabokosi la sukulu, ndipo aphunzitsi aakulu ankaiwerenga ndi maso kunja kwa envelopu asanakupatse. Si lero pamene mumatumizirana zithunzi za mbale yanu musanadye.

Pepala loyamba linabwera choncho. Masamba asanu ndi atatu, Chingerezi chothinana, zithunzi zofiirira ngati nyama yodulidwa mopyapyala. Pamwamba panali mayina angapo, ndipo lachitatu linali lathu. Aphunzitsi aakulu anavala magalasi, anawerenga mutu wake kawiri, n'kunena kuti, "Mayi, apa akunena za kumeretsanso minofu imene yawonongeka." Kumeretsanso. Ndinawapempha kuti abwereze mawu amenewo.

Tiyamike atandiimbira pafoni ya kusitolo anandifotokozera mwa Chichewa. Anati m'minofu ya munthu muli timbewu tating'ono kwambiri timene timagona, monga mbewu za bonongwe zimagonera m'dothi chilimwe chonse. Mnofu ukavulala timbewuto timadzuka n'kumera mnofu wina. Mwa anyamata a m'banja lathu mnofu umang'ambika tsiku lililonse, timbewu timadzuka, timadzuka, mpaka timatopa. Iye ntchito yake ndi kufufuza mmene tingalimbikitsidwire. Anawonjezera kuti, "Koma njira ndi yaitali, amayi. Tikusendera pang'onopang'ono." Ine mawu akuti njira yaitali sindinawamve. Ndinamva za mbewu yogona m'dothi imene imadzuka, ndipo ndinadziwa kumene ndinaimvapo nkhani imeneyo. Ndinati Ambuye aika kuuka kwa akufa m'thupi mwathu momwemu, ndipo apereka kiyi kwa mwana wanga.

Lamulungu lotsatira ndinaimirira m'tchalitchi ndi pepalalo m'manja ndi nkhuku yoyamika, n'kuchitira umboni. Amayi anzanga a Lachinayi analuluta. Kuyambira pamenepo linakhala ngati lamulo: pepala likabwera, umboni. Lina linabwera nthawi ya mango, lina tikukolola mpunga, lina chaka chimene tinaika agogo anu. Dzina lathu linachoka pachitatu n'kufika poyamba, kenako linapita kumapeto, ndipo ndinadandaula kuti amutsitsa mwana wanga, mpaka anandiuza akuseka kuti kwawoko wakumapeto ndiye mkulu wa gulu. Anthu anayamba kunditchula kuti amake dokotala. Ndinkati ndi ulemerero wa Mulungu, koma ndikaunika bwino tsopano, pambali pa ulemererowo panali pakhalanso ine.

Ndiye kunabwera Takondwa. Amayi anu atamusiyitsa kuyamwa anapita ku Joni kukagwira ntchito, n'kundisiyira nonsenu. Iwe Yamikani ndi Lonjezo ndinkakuyang'anani miyendo mukamasamba, mpaka munkandithawa kuti agogo apenga. Inu munadutsa. Takondwa ndinamuona akukwera mawondo ake ali ndi zaka zisanu, pafupi ndi mjigo. Sindinagwetse kanthu ulendo uno. Ndinangoti mumtima, wachedwa nawe Satana, mankhwala ali m'njira.

Apa ndiye pamene muyenera kumvetsera, chifukwa ndi pamene pali tchimo langa.

Ndinamuuza Tiyamike. Iye anati, "Amayi, mupite naye ku Blantyre mwezi uno. Akamuyeze magazi. Kuli mapiritsi amene amathandiza kuti mwana ayende nthawi yotalikirapo, ndipo akakuphunzitsani kumuwongola miyendo tsiku lililonse. Sachiza, amangochedwetsa, koma musachedwe nawo." Ndinavomera pafoni. Nditaika foniyo ndinadzifunsa kuti mwanayu ndimumwetserenji zochedwetsa pamene zochiza akuzimaliza mayi wake wamng'ono. Ndinaona ngati kuyamba theka la mankhwala ndi kukayikira Mulungu. Akafunsa ndinkati mvula yachuluka, mlatho wakokoloka, tipita tikakolola. Amayi anu ku Joni ndinawauza kuti asadere nkhawa, zonse zili m'manja mwa mng'ono wawo.

Kunabweranso anthu ena kutchalitchi olemba mayina a ana ofuna njinga za olumala. Mkulu wa mpingo anandiitanira pambali.

"Mayi, Takondwa timulembe. Kusukulu akuti akumafika belu litalira kalekale."

"Iyayi, abambo. Mupatse ena. Wanga ayenda."

"Kulemba sikuletsa kuyenda, mayi."

"Kulandira njinga ndi kuwauza Ambuye kuti alephera. Ine pakamwa pangapa panachitira umboni."

Anandiyang'ana, n'kutseka kope lawo. Madzinja atatu anadutsa choncho. Ndipo madzulo aliwonse ndikamupaka mafuta Takondwa ndinkamuuza kuti, "Pirira, mwanawe, amayi ako aang'ono atsala pang'ono."

M'masika apitawa anagwa pabwalo la sukulu, ndipo sanathenso kukwera mawondo ake. Anabwera naye kuno ndi aphunzitsi, atamubereka.

Sabata yomweyo iwe Chisomo unabwera kuchokera ku Balaka, kushopu yako yosindikizira, ndi mphatso. Unati wapeza pa intaneti mndandanda wa zolemba zonse za amayi ako aang'ono, ndipo unandisindikizira, masamba anayi, mzere pansi pa mzere, chaka ndi chaka. Unkafuna kundisangalatsa, usagwetse nkhope, palibe chimene unalakwa. Ndinawerenga mizereyo ndi chala ngakhale sindimva Chingerezi. Ndinati zonsezi walemba dokotala, dzina lake lili pa mzere uliwonse. Chatsala n'chiyani? Windo.

Sindinauze munthu. Ndinamuveka Takondwa malaya a Khirisimasi, tinakwera kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Balaka. Kondakitala anamunyamula m'manja n'kumuika kutsogolo, akuti bwana akhale pafupi ndi dalaivala. Kuchipatala sindinapite n'komwe pamzere wa dokotala, poti dokotala anali atalemba kale. Ndinamukhazika mwana pabenchi, n'kuima pamzere wa mankhwala, ndipo itafika nthawi yanga ndinalowetsa masamba anayi aja pawindo.

Panali mtsikana wa msinkhu wa Chisomo. Anayang'ana tsamba loyamba, lachiwiri, n'kundiyang'ana ine.

"Agogo, buku la kuchipatala lili kuti?"

"Mankhwala ake ndi amenewo. Walemba ndi mwana wanga, ndi dokotala wa minofu. Ngati onse palibe, mundipatse amene alipo."

Kumbuyo kwanga wina anaseka, wina n'kuti mzere uyende. Mtsikanayo sanaseke. Anaitana mnzake kuti akhale pawindo, iye anatuluka, anandigwira dzanja mpaka pabenchi, n'kugwada kuti tilingane. Anamuyang'ana Takondwa miyendo, ndipo ndinaona kuti wamvetsa.

"Agogo, mwana wanu ndi munthu wamkulu kwambiri. Koma awa si mankhwala. Ndi mitu ya nkhani zimene analemba, kuuza anzake ofufuza zimene waona."

"Waona mwa ndani?"

Anatsitsa chala pamzere wina, ndi wina, ndi wina. "Apa akuti mbewa. Apanso mbewa. Apa ndi timinofu tosungidwa m'mbale zagalasi."

Mbewa, ana inu. Zomwe zija anyamata amaimika pamitengo m'mbali mwa msewu, zimene tinali titangozidutsa kumene pobwera. Zaka zonsezo ndinkanyamula nkhuku kupita nazo kuguwa kuyamika kuti mbewa za kunja zayamba kuyenda bwino.

Anatilowetsa kwa dokotala, amene anamupinda Takondwa mapazi n'kupeza kuti misempha yauma kale. Anafunsa kuti anasiya liti kuyenda, ndiponso ngati anamwapo mapiritsi aja. Nditati iyayi sanandikalipire. Analemba kalata ya ku Blantyre n'kunena kuti zilipo zoti zithandize chifuwa ndi manja, koma za kuyenda tisayembekezere. Ndikanakonda akanandikalipira.

Tinakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, ndipo ndinamuimbira Tiyamike.

"Mwana wanga, ndili ku Balaka ndi mapepala ako. Akuti ndi za mbewa."

"Amayi, munapita nawo kuti?"

"Pawindo."

Kenako anafunsa za ku Blantyre, ndipo ndinamuuza zoona, kuti sitinapiteko. Analira, ndipo ndinali ndisanamumveponso Tiyamike akulira chimwalirire Dalitso.

"Ndinakuuzani kuti njira ndi yaitali, amayi."

"Unandiuza. Koma unkatumiziranji?"

"Chifukwa mukalandira munkaseka. Ndinalibe china chokutumizirani chimene chikanakusekesani choncho. Ndinkadziwa kuti mukumva zina, ndipo ndinkati ndidzakuuzani bwinobwino pepala lotsatira."

"Ndiye Takondwa adzawapeza mankhwalawo?"

"Sindikuganiza choncho, amayi. Mwina ana amene sanabadwe. Mwina ngakhale iwowo ayi. Ndimadzuka m'mawa uliwonse n'kupita kuntchito ndisakudziwa."

Anandiuzanso chinthu chimene ndinkamuvutitsa nacho Khirisimasi iliyonse, chifukwa chake sanabereke. Anakayezetsa kalekale, ndipo anamupeza kuti matendawa ali nawo m'magazi. Matendawa amayenda mwa ife akazi osatigwetsa, n'kukagwetsa ana athu aamuna. Amayi anga, ine, Esinati, iyeyo. Chisomo ndi Pempho, nkhani imeneyi tikamba patokha, ndipo tikambe mnyamata uja asanatumize ankhoswe.

Chibwerere kuno sindinaimirirenso m'tchalitchi. Ndimapita, ndimakhala kumbuyo, ndimatsegula pakamwa pa nyimbo koma mawu satuluka. Sindinasiye kukhulupirira, musandimve molakwa. Ndikudziwa kuti alipo. Chimene sindikudziwa n'chakuti anali kuti pamene ine ndinkabweza njinga m'dzina lake, ndipo anandilekereranji kutchula dzina lake pa bodza zaka zonsezi osanditseka pakamwa. Ndamufunsa. Sanandiyankhe, ndipo mwina sindiyenera kuyankhidwa. Mapepalawa sindiwatentha, ndi thukuta la mwana wanga, ndipo mulibe bodza mmenemu. Bodza linali mwa wowerenga.

Dzulo ndikumusambitsa Takondwa ndinalimba mtima. Ndinati, "Mwanawe, mankhwala aja sabwera. Ndinakunamiza ine agogo ako."

Anapitiriza kusewera ndi thovu m'beseni. "Ndinamva, agogo. Ku Balaka kuja ndinali pabenchi pomwepo."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimaopa kuti BP yanu ikwera." Kenako anati, "Koma mayeso akuyamba Lolemba. Ndipita bwanji?"

Ndicho chimene ndakuitanirani. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo uja, ndinagwada, ndipo anandiuza kuti njinga zinatha, olembawo sakudziwika kuti adzabweranso liti. Ine ndinayesa kumubereka Lachisanu, ndinafika pa mjigo pokha mawondo n'kukana. Mugawane masiku. Chisomo, iwe uli kutali, ako akhale a ku Blantyre, kalata ndi iyi. Enanu musinthane m'mawa ndi masana, ndipo mukamunyamula musamukoke m'khwapa, mapewa ake ndi ofooka. Muzikangana naye m'njiramo, amakonda zimenezo. Koma wina asamuuzenso kuti achira.

M'Malemba muli munthu wopuwala amene anali ndi anzake anayi. Atapeza khomo ladzaza, anakwera naye pamwamba, anasasula denga, n'kumutsitsira pamapazi a Ambuye. Inunso mulipo anayi, ndakuwerengani. Denga loti mukasasule ndi limene sindikulidziwa. Munyamuleni basi, akafike kusukulu belu lisanalire.